A Thovu ndi Inki ya a Sajeni

Pamzere wa nyumba zathu pali zitseko zisanu ndi chimodzi, mpopi umodzi ndi zingwe zinayi zoyanikira. Chingwe chabwino, chija dzuwa limayambira kufika, n'cha a Thovu. Sanachite kulanda ayi. Kungoti ife tikamadzuka n'kumafunafuna pamene tinasiya sopo, iwo amakhala atayanika kale.

Eya, ndati a Thovu, munthu wamwamuna, wa ndevu zake, wa mwana wamkulu ndithu. Dzina lawo lenileni lilipo, koma mutalitchula pano ngakhale akazi awo akhoza kufunsa kuti mukunena ndani. Linawakakamira chifukwa ukawapatsa moni amakupatsa chigongono, manja ali thovu lokhalokha.

Ine ndakhala nawo khoma limodzi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Khomalo ndi lopyapyala, moti supuni ikagwa kwawo ine ndimawerama kuti nditole. Miseche sindiikonda, aliyense akudziwa. Koma khutu lilibe chitseko, ndiye zikalowa ndizitani?

Ntchito yawo yeniyeni ndi kukonza mawailesi, matochi ndi masimbi amagetsi pakhonde. Ali ndi katebulo ka mwendo umodzi waufupi, mabotolo a tizitsulo ting'onoting'ono, ndi magalasi omanga ndi waya. Akazi awo ndi namwino, ife timangoti a Nesi. A Nesi akatuluka m'mawa, a Thovu amayamba kaye mabeseni, mawailesi pambuyo. Amachapa zonse: mabulangete, makatani, mayunifolomu oyera aja, mpaka zamkati za akazi awo. Zimenezo amaziyanika mkati mwa nsalu ya pilo kuti maso a anthu asazione. Zoyera amayamba nazo madzi akadali oyera. Malaya amawatembenuza n'kuwapanira kumunsi, osati m'mapewa. Zopanira amayenda nazo m'kathumba kokoleka m'khosi, ziwiri zili pakamwa, ndiye ukawafunsa kanthu amayankha ndi nsidze.

Tsono munthu wotere anthu sangamusiye. Amafunsa. Ndipo a Thovu anali ndi yankho la munthu aliyense, ngati telala wodziwa saizi ya aliyense.

Amuna a kometera tsitsi anawauza kuti a Nesi manja awo sagwirizana ndi sopo, anachita kuletsa ndi dokotala. Amayi a kutchalitchi anawauza kuti ndi msana, a Nesi sangawerame. Eni nyumba anawauza kuti madzi amafewetsa zala, ndipo munthu wogwira tizitsulo ta wailesi amafunika zala zofewa. Amuna anga, abambo a kwathu, anawauza kuti akazi amawononga makolala, iwo akungoteteza katundu. Wogulitsa makala anamuuza kuti anazolowera ku usilikali. Usilikali wake uti? Kufupi kwambiri kumene a Thovu anafika ndi usilikali ndi tsiku lija anakonza wailesi ya msilikali wina, yomwenso inabwerera patatha masiku atatu.

A Nesi omwewo ine ndimawaona akutsuka mbale ndi sopo yemweyo. Msana womwewo ndi umene amanyamulira odwala kuchipatala. Koma ankangomwetulira, zikafika kwa iwo n'kuvomera chilichonse chimene amuna awo anena tsiku limenelo.

Ukawapanikiza kwambiri, a Thovu ankatembenuza mlandu. Ankati inu mumatha Loweruka lonse mukutsuka galimoto ya eni ake mutavula malaya, palibe amaseka. Ankati telala wamwamuna amasoka diresi anthu n'kumamutcha katswiri, ndiye diresi lomwelo kungolinyowetsa basi lasanduka nkhani? Amuna aja ankaseka, koma akachoka ankati a Nesi anawaika m'botolo n'kutseka. Inenso ndinanenako, sindikana. Koma ine ndinkangobwereza za anthu, ndipo ndinkanena mwachisoni.

Ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Timamutcha Kamadamu chifukwa amaphunzitsa tiana kusukulu ya mkaka. Ali wamng'ono ankakhala pambali pa beseni n'kumapatsira bambo ake zopanira chimodzichimodzi, akuwerenga mokweza. Kusukulu masokosi oyera kwambiri anali ake. Koma atafika zaka khumi ndi ziwiri, anzake anamufunsa kuti pa awiri aja mayi ako ndi ati. Anabwera akulira, n'kukankha beseni ndi mwendo. Kuyambira tsiku limenelo anzake sanabwere nawonso pakhomo.

A Thovu sanasiye kuchapa. Chimene anachita n'chakuti zovala za mwanayo akachapa ankandipatsira pampanda, ine n'kukaziyanika pachingwe changa, kuti odutsa aziona ngati wachapa ndi munthu wamkazi. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuyanika madiresi a mwana wa eni. Mwiniwake ankadziwa, koma ankabwera kudzatenga n'kunena kuti zikomo anti, ngati ndachapa ndine. Bambo ake ankamva ali pakhonde, n'kumangopotokola kasikuluwu kawo.

Chaka chino Kamadamu anapeza mnyamata, woyeza malo, wofatsa, wa nsapato zafumbi nthawi zonse. Nkhani itakhwima, makolo a mnyamatayo anatumiza mawu kuti abwera Loweruka masana adzaone kumene mtsikanayo akuchokera. Bambo a mnyamatayo ndi wapolisi wopuma, a Sajeni, munthu amene akuti ngakhale nkhuku za kwawo zimayenda pamzere.

Lachitatu madzulo ndikusenda anyezi ndinamva mawu kuseri kwa khoma. Ndinasiya mpeni kuti usandicheke.

"Adadi, tsiku limodzi lokha. Mungokhala ngati bambo a anzanga."



"Bambo a anzako amakhala bwanji?"

"Amangokhala."

Kenako anatsitsa mawu, koma ndinamva. Anati anapirira kuyambira ali mwana, ndipo akachita manyazi pamaso pa anthu amenewa, iye panyumbapo achoka, ukwati utheke kapena usatheke, ndipo sadzapondaponso. A Nesi anayesa kumudzudzula kuti bambo ako sulankhula nawo choncho. A Thovu anangoti, "Chabwino, mama. Ndikhala."

Mawa lake ntchito inayambika. Mabeseni atatu, tebulo lositira ndi kathumba ka zopanira zinasamukira kwathu, kuseri kwa kabati. Ine ndinapatsidwa udindo wa azakhali othandiza pakhomo, woti wina akayamikira ukhondo ndiziweramitsa mutu. Manja a a Thovu anativuta, chifukwa ndi otuwa, zala zofota ngati za munthu wokhalitsa m'madzi. Kamadamu anawapaka mafuta, abambo a kwathu n'kuwonjezera kagirisi ka njinga m'zikhadabo kuti aoneke ngati munthu.

Abambo a kwathu ndiwo anali mphunzitsi wa kukhala, pajatu pa ntchito imeneyo palibe wowaposa pamzere pano. Anawaonetsa kutambalala pampando, kutambasula nyuzipepala, ndi kuitanitsa madzi osayang'ana munthu. Anati liwu likhale limodzi basi, lochokera m'mimba. A Thovu anakhosomola, n'kunena kuti pepani, kodi madzi angapezekeko? Abambo a kwathu anagwira mutu. Anayesa kasanu. Ulendo wachisanu anaitanitsa bwino ndithu, koma a Nesi asanadzuke iwo anali atafika kale pandowa ndi kapu.

Lachisanu anakabwereka mabeseni ndi tebulo lija kwa tsiku limodzi, n'kuchapa nyumba yonse, makatani, nsalu za pamipando, nsalu ya patebulo, n'kusita mpaka dzuwa kulowa. Anati ngati mawa sagwira madzi, bola lero akhute.

Loweruka kunatentha, malata akuchita kulira. Alendo anafika nthawi yeniyeni imene ananena. A Sajeni anali kutsogolo, owongoka ngati mtengo wa magetsi, malaya oyera a manja aatali, mabolopeni atatu m'thumba la pachifuwa. Akazi awo anali pambuyo ndi chikwama chachikulu chimene sanachisiye pansi. Mnyamata anali kumapeto, nsapato atapukuta koyamba chibadwire. Pamzere ponse anthu anapezeka kuti ali ndi zosesa panja, masana dzuwa lili pamutu.

Poyamba zinayenda. A Thovu anatambalala monga anaphunzirira, nyuzipepala pamwendo. A Sajeni anasisita nsalu ya patebulo ndi chala, n'kunena kuti mkazi waukhondo amadziwikira pa nsalu ya patebulo. A Nesi anathokoza akuyang'ana pansi, ine ndinaweramitsa mutu, a Thovu anameza malovu. Kenako a Sajeni anayamba za anyamata a masiku ano, kuti ndi ofewa, kuti nyumba imafuna mwamuna wodziwa malo ake. A Thovu ankangoti eya, eya, n'zoona bwana. Kamadamu anabweretsa tiyi, ndipo ndinaona kuti wayamba kupuma.

Ine ndinali pakhomo la kukhitchini ndi mbale ya mabisiketi pamene ndinaona maso a a Thovu atasiya nkhope ya mlendo n'kutsikira pachifuwa. Ndinatsatira. Pansi pa thumba la malaya oyera aja panali kadontho kabuluu, kakang'ono ngati nyemba. Bolopeni imodzi inali itasanza ndi kutentha kuja.

A Sajeni ankalankhulabe. Kadontho kaja kanakula kufika ngati chitsekero cha botolo. A Thovu anakweza nyuzipepala kuti asaone, n'kuitsitsanso. Thukuta linayamba kutsika m'ndevu. Anayang'ana mwana wawo, anayang'ana kudenga, anakhalira manja awo. Ndikunena zoona, munthu uja anakhalira manja ake onse awiri.

Kenako akazi a a Sajeni anaona. Anadandaula kuti malaya amenewa ndi amene mwana wawo anawagulira bambo ake ndi malipiro ake oyamba. Anatulutsa kampango m'chikwama, n'kukanyowetsa ndi madzi otentha a tiyi, n'kupinda chala kuti ayambe kupukuta.

"Mayi, musatikite."

A Thovu sanakuwe. Koma liwu lija, limene abambo a kwathu analifunafuna masiku awiri osalipeza, linatuluka lokha, lochokera m'mimba. Dzanja la mayi aja linaima m'malere.

"Mukatikita ilowa mu ulusi, ndiye basi, malaya atha. Bwana, vulani."

A Sajeni, munthu amene zaka makumi atatu ankalamula ndi iye, anamasula mabatani n'kuvula. Anatsala ndi vesiti, manja ali pamaondo. A Thovu ananditembenukira n'kuti aneba, beseni laling'ono lija, thaulo lakale, ndi kabotolo ka sipiliti kali pansi pa tebulo la mawailesi. Ndipo ine, wosunga chinsinsi, ndinathamanga kukatenga. Ndinazindikira ndili kale pakhomo ndi beseni m'manja kuti ndaulula kumene tinabisa.

Anatembenuza malaya, n'kuyala thaulo pansi pa banga. Anatenga thonje m'kabokosi ka a Nesi, kuliviika mu sipiliti, n'kumadinda pang'onopang'ono kuchokera kumbuyo kwa nsalu, kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Akadinda kangapo ankasuntha thaulo kuti pansi pakhale poyera. Inki inkachoka m'malaya n'kumatsikira m'thaulo ife tikuona. Kenako anatuluka nawo kupita pampopi, pamaso pa osesa onse aja, n'kutsukuluza ndi madzi ozizira, kupaka sopo, kutsukuluzanso. Girisi wa abambo a kwathu anapita ndi madzi omwewo. Sanafinye. Anawakulunga m'thaulo louma n'kupondereza, kenako anapempha tebulo lositira, ndipo anakalitenga kwathu ndi mkamwini wa mawa yemweyo, osafunsa kuti likutani kumeneko.

Anasita pabalaza pomwepo. Anayamba kolala, kuchokera kunsonga kulowa mkati, kenako mapewa, kenako manja. Nkhope yawo inali itamasuka ngati ya munthu amene wavula nsapato zothina. Kamadamu anali ataima pafupi ndi ine, atagwira felemu ya chitseko. Sindinalimbe mtima kumuyang'ana kawiri.

Akazi a a Sajeni ndiwo anafunsa, mwaulemu wake wozizira, kuti kodi bambo anaziphunzira kuti zimenezi.

Apa ndiye tinalakwitsa tonse, chifukwa chofuna kuthandiza. A Nesi anati ndi msana wawo. Ine nthawi yomweyo ndinati ndi manja a a Nesi, sopo amawatupitsa. Abambo a kwathu, amene anali pawindo kunja ngati akukonza njinga, analowetsa mutu n'kuti anazolowera ku usilikali.

A Sajeni anatiyang'ana mmodzimmodzi. Anafunsa abambo a kwathu kuti gulu liti la asilikali, chaka chanji. Mutu uja unabwerera kunja.

"Mboni zitatu, nkhani zitatu," anatero a Sajeni. "Mwiniwake akuti bwanji?"

A Thovu anaimika simbi. Ndinkadziwa kuti zifukwa zina ziwiri zikadalipo m'thumba, ndipo ndinkaganiza kuti atulutsa cha zala zofewa chija. Anayang'ana mwana wawo nthawi yaitali.

"Palibe akudwala, bwana. Ku usilikali sindinapiteko. Ndimangoikonda ntchitoyi. Wailesi ndikaikonza lero, mawa yabweranso yafa. Koma malaya akayera ayera, ndimaona ndi maso anga. Ndipo mayi awa akamatuluka m'mawa atavala zoyera zopanda khwinya, anthu n'kumawapatukira panjira, ine ndimadziwa kuti dzanja langa lapita nawo kuntchito. Zifukwa zinazo ndinkangopatsa anthu kuti anyamule azipita, ine ndimalize kuchapa."

Kenako anatsitsa mawu. "Pepa, mama. Ndinayesetsa kukhala."

Akazi a a Sajeni anakumbatira chikwama chawo n'kunena kuti kwawo zoterezi sanazionepo. Anafunsanso, akuyang'ana khoma, ngati mwana wawo naye azidzayembekezeka kugwira beseni.

Ndinamva Kamadamu akusiya felemu ija. Ndinati basi, akupita kukalongedza. Anadutsa pakati pa balaza, n'kuima patsogolo pa bambo ake, n'kutambasula manja. A Thovu anamupatsa malaya. Anawanyamula ndi manja awiri, akadali ofunda, mpaka kwa a Sajeni.

"Chilichonse chimene mwana wanu anandionapo nditavala, anachapa ndi kusita ndi bambo angawa," anatero. "Si anti, si amayi. Kuyambira thewera. Ine ndi amene ndinawauza kuti abise."

A Sajeni analandira. Anapita nawo pawindo n'kuwayang'anitsa padzuwa. Anasuzumira m'thumba, anatembenuza kolala, anatsata mzere wa dzanja ndi chala kuyambira paphewa mpaka kumapeto. Ife tonse tinali ngati akaidi odikira chigamulo. Anavala, n'kumanga mabatani onse mpaka la pakhosi.

Anati iwo zaka makumi atatu yunifolomu ankasita okha, chifukwa pa perete mzere ukakhota amalanga iwe, osati mkazi wako. Anafulumira kuwonjezera kuti imeneyo inali nkhani ya ntchito, si zofanana. Kenako anagwiranso kolala ija n'kunena chapansipansi kuti koma kolala yotere iwo sanaifikepo.

Anabweza mabolopeni awiri m'thumba, yosanza ija anaisiya pambale. Akazi awo anati zonse akakambirana kunyumba, ndipo anatsanzika tiyi asanathe.

Sabata imeneyo inali yaitali. Mnyamata ankabwera, koma za makolo ake ankangoti amayi akuganizabe. Kuseri kwa khoma kunali chete, moti ndinayamba kuda nkhawa ndi makutu anga. Chimene ndinaona n'chakuti Lolemba linadutsa, Lachitatu linadutsa, pampanda sipanabwere diresi ngakhale limodzi. Ndinaganiza kuti mwina mwana wayamba kuchapa yekha mobisa, kapena walongedza ndithu.

Loweruka linalo mnyamata anafika ndi kaphukusi kochokera kwa mayi ake. Munali nsalu ya patebulo yoluka ndi manja, yakale, ya banga lachikasu pakati, limene akuti linakhalapo kuyambira mnyamatayo ali kumsana. Uthenga unali wakuti si kuti akupempha thandizo ayi, angofuna kuona ngati za inki zija zinali luso kapena mwayi chabe. Ndipo anati nsaluyo ikayera adzaitenga okha, abwera ndi a Sajeni, pali masiku oti agwirizane.

A Thovu anaifunyulula, anainunkhiza, anaiyang'ana padzuwa, n'kunena kuti iyi ndi ya masiku atatu, siifuna phuma. Inayera Lachiwiri. Ukwati uliko mwezi wa mawa, ndipo mayi aja mpaka lero amati anavomera chifukwa mtsikanayo ndi waulemu, za nsalu sizikukhudzana.

Kometera tsitsi amasekabe, asaname munthu. Koma masiku ano wina akafunsa, a Thovu amangoti ndimakonda, n'kubweza chopanira pakamwa. Wofunsayo amaima pang'ono, kudikira zina, kenako amapita. Yankho limeneli silikoma kukafotokozera anthu, ine ndayesa.

Abambo a kwathu ndinawapeza tsiku lina kuseri kwa nyumba atanyonyomala, akuchapa masokosi awo m'chitini. Sindinafunse kanthu. Anayamba okha kundiuza kuti akungoyesa sopo watsopanoyu ngati ali wabwino.

Chingwe changa pano chili ndi malo ambiri. Madiresi a Kamadamu ali uko, pachingwe cha dzuwa, pakati pa yunifolomu ya mayi ake ndi malaya a bambo ake. M'mawa uno ndimatunga madzi, ndinawaona awiriwo. Kathumba kaja kanali m'khosi mwa mwana, akupatsira chimodzichimodzi. Bambo ake anamuuza kuti wapanira molakwika, diresi sapanira m'mapewa. Iye anati adadi, ndaphunzitsa ana makumi anayi sabata ino, musandiphunzitse. Koma anamasula n'kupaniranso kumunsi.